Ndinakweza Malemu pa Kaliyala Kuchokera ku Makwasa

Musavutike kufunsafunsa kuti anayambitsa ndani. Ndine. Masamba aja ndinathyola ndine, ndinayala pamsewu ndine, ndipo amene akumanena kuti tinalipo awiri akungofuna kundilanda mbiri. Dzina langa ndi Layisoni, ndili Fomu 3, ndimakhala kuseri kwa msika wa pa Boma ku Thyolo kuno. Chimene ndikukana n'chimodzi chokha: sindinkafuna kupha munthu. Ndinkangofuna kutsitsa munthu mmodzi pa njinga.

Munthuyo ndi achimwene Fostino, mwana wa amalume anga, amene amakonza mafoni ku Limbe. Chaka chatha anagula njinga ya pakaunjika, ya magiya ambirimbiri, matayala owonda ngati chala, yopanda kaliyala, yopepuka moti mutha kuinyamula ndi dzanja limodzi. Kenaka analowa kagulu ka anthu a m'tauni amene Loweruka lililonse amapalasa njinga popanda kumene akupita. Sanyamula makala, sanyamula munthu, ngakhale nkhuku sanyamula. Amangopalasa n'kubwerera komwe achokera atatopa. Kaguluko kanatopa ndi malole a mumsewu waukulu, ndiye kanatuma achimwenewo kuti adzaone njira zachete za m'maesiteti a tiyi, kuyambira pa Boma mpaka ku Makwasa. Mayi anga anati ndiwaperekeze poti tinjira ta m'minda ndimatidziwa.

Anafika Loweruka m'mawa atapalasa kale kuchokera ku Limbe. Akuti pa Bvumbwe amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kumawayang'ana, ndipo iwo ankaona ngati n'chifukwa cha liwiro. Anavala kabudula wothina wonyezimira, magalasi akuda, chisoti chobowokabowoka, ndi nsapato zokhala ndi kachitsulo kunsi komwe kamakola pa pedulo. Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitenje.

"Mangani ichi, Fostino. Pali ana pano."

Ine ndinatenga njinga ya bambo, yakuda, yolemera, ya giya imodzi, yokhala ndi kaliyala wowotcherera amene amanyamula matumba awiri a chimanga osadandaula. Ndinavala tisheti yachikasu ya timu ya kusukulu kwathu. Tisananyamuke achimwene anamangirira foni pa handulo n'kundilozera.

"Mfana, kuyambira pano mpaka ku Makwasa phazi langa siligunda pansi. Foni iyi ikulemba zonse, munthu ukangoima imadziwa. Madzulo anzanga akaona okha."

"Ngakhale pa chitunda?"

"Chitunda n'cha anthu opanda magiya."

Tinatuluka pa Boma dzuwa lisanayambe kuwawa. Tinayenda pang'ono pa tala, kenaka tinakhotera mumsewu wadothi lofiira wolowa mu esiteti, ndipo phokoso lonse la maminibasi linatsala kumbuyo ngati watseka chitseko. Inu amene simunapalasepo njinga m'tiyi, ndikuuzeni zoona: kumeneko n'kokoma. Tiyi amayala mapiri onse mofanana, wosalala pamwamba ngati mutu wochokera kwa wometa. Nkhungu inali ikuchoka paphiri pang'onopang'ono. Kunkamveka tcheni cha njinga yanga, mbalame za m'mabulugama, ndi kutali kwambiri thirakitala yomwe sitinaione n'komwe. Otchola tiyi ankaoneka ngati timadontho patsidya, madengu kumsana.

Pa geti la esiteti panali mlonda wachikulire. Ine ndinatsika n'kupereka moni. Achimwene anakana kuima, ankangozungulirazungulira pamalo amodzi kudikira kuti mtengo wa pageti utukulidwe.

"Awo akuthamangitsidwa ndi ndani?" anandifunsa mlondayo.

"Palibe, bambo. Ndi masewera."

"Masewera okwera phiri? Ife amatilipira kuti tikwere limeneli, koma timadandaulabe."

Chitunda choyamba ndinakankha njinga. Chachiwiri ndinakankhanso. Achimwene ankakwera mpaka pamwamba, n'kutsika kudzandizungulira, n'kukweranso. Zimenezo ndinapirira. Koma pa chitunda chachitatu anachotsa foni pa handulo uku akupalasa, n'kuyamba kundijambula ndikukankha, lilime lili panja.

"Anyamata, uyu ndiye wotilondolera njira," ankalankhula ndi foniyo. "Muoneni bwino. Akuti amasewera mpira."

Atsikana awiri amene ankatchola tiyi m'mbali mwa msewu anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Mmodziyo ndinkamudziwa, tinali limodzi ku pulayimale. Apo m'pamene mtima wanga unaweruza mlandu.

Kutsogolo kwake msewu umazungulira chigwa chachikulu chomwe chili ndi damu. Wapanjinga amayenda mtunda wautali, koma wapansi amadula pakati pa tiyi n'kuwoloka pa kamlatho ka matabwa. Ndinawauza kuti atsate msewu, ine ndiwapeza kutsogolo. Ndinatsetsereka ndi kanjira kaja, ndinawoloka njinga ili paphewa, ndipo ndinatulukira pomwe esiteti imathera n'kuyamba mudzi. Pamenepo msewu umatsika bwino, wopanda mabampu, malo oti munthu wa magiya adzionetse. M'mbali mwake munali nyumba ya malata, chitseko chotseka, pabwalo posasesa, mbuzi imodzi ili pachingwe. Ndinasankha pamenepo chifukwa panalibe munthu. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Lamulo la masamba nonse mukulidziwa. Ukapeza nthambi zaziwisi zayalidwa modutsa msewu, ndiye kuti pali maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, mpaka utadutsa masamba achiwiri. Palibe giya imene imaposa lamulo limeneli. Ndinathyola nthambi za mango ndi za gwafa, ndinayala mzere umodzi kumtunda kwa nyumbayo, wina kumunsi, n'kukagona chafufumimba m'tiyi.

Anabwera atawerama pa handulo, fumbi lili m'mbuyo. Ataona masambawo anamanga mabuleki onse awiri. Njinga inaima bwinobwino, koma nsapato zija zinakana kuchoka pa mapedulo. Anagwedeza mwendo wamanja, anagwedeza wamanzere, kenaka anapendekeka mwaulemu, osafulumira, n'kugwera mu ngalande njinga ili pakati pa miyendo. Atadzuka anavula chisoti ndi magalasi, anazigwirira pachifuwa, n'kuyamba kuyenda ngati bakha, tizitsulo tija tikulira ko, ko, ko. Atafika pa nyumba ija anawerama pang'ono n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, pepani." Amene anayankha ndi mbuzi.

Ndinaluma tisheti kuti ndisamveke. Ndinakawatulukira kumunsi, patsogolo pa masamba achiwiri.

"Achimwene, foni yalemba?"

"Usaseke, iwe. Pali zovuta apa."

Zokachotsa masambawo ndinaziganiza ndithu. Koma kubwerera kunali kokwera.

Titayenda mtunda ndithu ndinayamba kuona zachilendo. Tinakumana ndi amayi atatu atasenza nkhuni, akuyenda mwakachetechete kulowera komwe ife tinkachokera. Kenaka wina atasenza beseni la ufa. Kenaka abambo awiri atanyamula benchi ya kutchalitchi. Patsidya, gulu lonse la otchola tiyi linkatuluka m'munda dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kapitawo sankakalipa, anali nawo m'gulumo. Ndinadziuza kuti mwina kuli chinkhoswe.

Chakumasana tinaima pa kamsika kena, pomwe pali chigayo, golosale ziwiri ndi chiwaya. Poti mbiri ya phazi inali itawonongeka kale, achimwene anavomera kutsika. Anagula chipisi cha K1,500 aliyense, chothira kabichi ndi tsabola. Wachiwayayo ankatembenuza mbatata uku akupukusa mutu.

"Mwadzera kumtundaku? Ndiye mwaona. A Biziweki atisiya."

"A Biziweki ndi ndani?" anafunsa achimwene.

"Kapitawo wakale wa pa esitetiyi. Anawatengera kuchipatala cha mishoni ku Makwasa sabata yatha, chifuwa chinawagwira koopsa. Akazi awo a Esinati ndi amene akuwadikirira, n'chifukwa chake nyumba ili yotseka. Lero anthu angoona masamba ali pakhomo."

Ndinasiya kutafuna. Mayi wina amene ankagulitsa kalongonda pafupi anandiyang'anitsitsa, anaimirira, anakonza chitenje chake n'kubwera.

"Si ameneyu? Malaya achikasu. Anzathu otchola tiyi amuona kuchokera kutsidya, ndi amene wabwera ndi uthenga n'kuyala masamba." Anandigwira pamkono mwachifundo. "Mwanawe, atsirizika nthawi yanji? Anavutika?"

Ine ndinkaganiza kuti m'tiyi ndabisala. Tiyi amafika m'chiuno, ndipo aliyense amene ali paphiri loyang'anizana nalo amakuona ngati ntchentche pa mkaka. Anthu onse a pachiwayapo ankandidikira. Pakamwa panga panayankha pokha, ine ndisanapauze.

"Sanavutike."

Mayiyo anayamba kulira. Koma pakhonde la golosale panali bambo wina wa imvi amene ankasewera bawo, ndipo iye sanalire. Anasiya njere zili m'manja.

"Wakutuma ndani, mnyamata? Mphwawo wa a Biziweki, mwana wa alongo awo, wayesa foni ya a Esinati kangapo, sikugwira. Achipatala satuma ana." Anadikira. Ine ndinayang'ana kabichi. "Ngati akutuma a Esinati, palibe mlandu. Koma ngati sanakutume aliyense, ndiye tikamva kuti bamboyo wapitadi lero, udzatifotokozere kuti iwe unadziwa bwanji mkazi wake asanadziwe."

Sanatchule dzina la chinthucho, koma aliyense analimva. Kwathu kuno mwana wodziwa imfa isanachitike amatchedwa mfiti, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Likanafika pa Boma ine ndisanafike. Mayi anga amagulitsa mandasi pamsika. Ndani angadye mandasi a make wa mfiti?

Achimwene anandikokera kuseri kwa chigayo, komwe phokoso linkatibisa.

"Layisoni. Masamba aja."

"Ndine."

"Ndapepesa nyumba yopanda munthu."

"Mwapepesanso mbuzi."

Sanaseke. Ndinati tibwerere tikawauze anthu kuti ndi bodza, koma iwo anakana.

"Ukawauza kuti ali moyo, wawaona? Nanga akakhala kuti apitadi m'mawa uno? Tikaone kaye ndi maso. Ndipo iwe uzipemphera njira yonse kuti tikawapeze akupuma."

Kuchokera pamenepo mpaka ku Makwasa musandifunse za kukongola kwa dziko. Akuti tinadutsa minda ya makademiya, akuti panali malo ena pomwe umaona mapiri atandandalika mpaka kutali. Ine ndinkaona tayala lakutsogolo basi. Zitunda zimene m'mawa ndikanakankha ndinazikwera nditaimirira pa mapedulo, njinga ya bambo ikulira ngati chitseko chakale. Titalowa mumsewu wa tala, galimoto iliyonse yochokera ku Makwasa ndinkaisuzumira kumbuyo kuti ndione ngati yanyamula chinthu chogona. Pa kona ina kunatulukira lole yodzaza amayi ovala zoyera, akuimba nyimbo yachisoni. Ndinasiya kupalasa. Lole itayandikira ndinaona kuti ena akuseka, wina akusenda nzimbe. Inali kwaya ikuchokera ku mapemphero.

Ku Makwasa Loweruka ndi Sabata. Mashopu ambiri anali otseka, anthu ankayenda pang'onopang'ono atavala bwino, mabuku a nyimbo ali m'manja. Ife awiri tinalowa pachipata cha chipatala tili thukuta lokhalokha, wina ali m'kabudula wonyezimira, ndipo palibe amene sanatembenuke. Ku wodi ya abambo tinapeza namwino akukonza mabedi.

"A Biziweki? Anali apo," analoza ndi chibwano.

Bedilo linali lopanda munthu, lopanda nsalu, matiresi okha akuda. Ndinagwira khoma. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza za mandasi.

"Atuluka m'mawa," anapitiriza namwinoyo osatiyang'ana n'komwe. "Ali panja pa mtengo wa mango, akudikira galimoto. Lero magalimoto ndi osowa."

Pansi pa mtengowo panali bambo wowonda atavala jekete ndi chipewa choluka, akudya chinangwa chophika uku akukangana ndi mayi wonenepa amene anakhalira chikwama. Nkhani yake inali ya mchere. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati nsagwada za munthu ameneyo zikutafuna. Ndinagwada fumbi lili tolo.

"Ndiwe mwana wa ndani?" anafunsa.

"Auze," anatero achimwene. "Zonse. Ndi za mbuzi zomwe."

Ndinawauza. A Esinati anaika manja kumutu ndisanafike pakati. Foni yawo inali itazima masiku apitawo, chaja anaiwala kunyumba. A Biziweki anapitiriza kutafuna mpaka ndinamaliza.

"Anthu apita ambiri?"

"Takumana nawo ambiri ndithu, anganga."

"A ku esiteti?"

"Kapitawo wawamasula gulu lonse."

"Gulu lonse, Loweruka, tiyi ali pachimake." Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo anatsokomola mpaka misozi. Kutsokomola kulikonse kunkandibaya ine.

"Musaseke, bambo," anatero a Esinati. "Mwana uyu wakulaulani. Ndipo panopa akutapa chimanga changa m'nkhokwe."

Achimwene anati apatsidwe foniyo aipatse moto pang'ono ndi kabatire kawo, tiimbire mphwawo wa a Biziweki uja nkhani ithe. A Biziweki anaika dzanja pa chikwama.

"Musaimbe. Anthu ambiri amafa osaona amene abwera. Ine ndikufuna ndikaone ndekha."

Tinapeza njinga yamoto imodzi ya kabaza, koma iwo anaikana, akuti mphepo yake ingawalowe m'chifuwa. Inanyamula a Esinati ndi katundu, ndipo anailamula kuti iziyenda kumbuyo kwathu, isayerekeze kupitirira. Kenaka anayang'ana kaliyala wa njinga ya bambo, anamugwedeza kuti aone kulimba kwake.

"Amene wandipha ndi amene andibweze."

Tinawayalira bulangete pa kaliyala. Achimwene anavula chisoti chawo n'kuwaveka pamwamba pa chipewa choluka chija. Motero ndi mmene tinanyamukira ku Makwasa dzuwa litapendeka: ine kutsogolo ndi malemu, achimwene pambali, a Esinati kumbuyo pa njinga yamoto yoyenda ngati ikuperekeza ukwati, wakabaza akudandaula za mafuta.

Sindinayendetsepo njinga mosamala chotero. Kabowo kalikonse ndinkakazungulira. Bambowo anali opepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo kupepuka kumeneko n'komwe kunkandiopsa. Kuchipatala akanafa, mlandu wanga ukanakhala wodziwiratu imfa. Pa kaliyala wanga, mlandu ukanakhala wina. Pa zitunda ndinkatsika n'kumakankha iwo ali pomwepo, ndipo achimwene nawo ankatsika, dzanja limodzi pa njinga yawo, lina pamsana pa a Biziweki. Za foni yolemba sanazitchulenso.

Titalowanso m'tiyi bambowo anatsitsimuka. Ankaloza uku ndi uku, kuti apa adulira mochedwa, apo kale panali nkhalango, mitengo iyo anabzala iwo ali mnyamata. Anandifunsa ngati ndimakhoza m'kalasi, ndipo nditati pang'ono, anati zikuoneka. Kenaka mawu anayamba kuchepa. Pa malo ena otsetsereka, pomwe msewu umadutsa mumthunzi wa mabulugama, ndinamva chisoti chikugunda pamsana panga n'kukhala pomwepo. Manja amene anandigwira m'chiuno analefuka.

"Anganga?"

Chete.

"Anganga a Biziweki?"

Ndinaopa kuima, ndinaopa kutembenuka. Ndinapalasabe, ndikuuza Mulungu zinthu zimene ndidzasiye akandithandiza, ndipo zina mwa izo sindinasiye mpaka lero. Kenaka kumbuyo kwanga kunamveka mkonono, wautali, wa munthu wokhuta chinangwa.

Tinafika pamudzi paja dzuwa litatsala pang'ono kukhudza phiri. Masamba anga anali pomwepo, ndipo wina anawonjezerapo ena atsopano, oyalidwa bwino kuposa anga. Pabwalo posasesa paja panali patamangidwa tenti. Abambo anadzaza mabenchi, utsi unkakwera kuseri kwa nyumba, ndipo m'nyumbamo amayi ankaimba nyimbo ya maliro mosinthana ndi kulira. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero chifukwa cha ntchito ya manja anga. A Biziweki anandigogoda pamsana.

"Tsika, iwe. Sukuona masamba? Pali maliro apa."

Anatsika okha, anavula chisoti, anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera pabwalo lawo. Woyamba kuwaona anali mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa ya madzi. Ndowa inagwa, mayiyo sanakuwe n'komwe, anangotembenuka n'kulowa m'nthochi. Abambo a pabenchi yoyamba anaimirira onse pamodzi, benchi inapendekeka, amene anali kumapeto anagwa. Nyimbo ya m'nyumba inazima liwu limodzilimodzi pamene amayi ankasuzumira pazenera, mpaka panatsala gogo mmodzi wosamva amene anamaliza vesi yonse yekha.

Pakhonde, pa mpando wandalema wa eni nyumba, panakhala mphwawo uja. Atawaona anayamba kuimirira.

"Malume…"

"Khala, khala. Ukukuyenera."

Kenaka a Biziweki anayamba kuzungulira mabenchi, kupereka dzanja kwa aliyense amene sanathawe. "Pepani, mwataya munthu wabwino," ankatero. Ena ankalandira dzanjalo ndi nsonga za zala. Anafunsa kuti uje ali kuti, nanga uje sanamve? A Esinati sanapereke moni kwa aliyense, analunjika kunkhokwe. Pang'onopang'ono anthu anayamba kubwerera kuchokera m'nthochi, wina anaseka, amayi ena anayambanso kulira koma mwa mtundu wina.

Ine ndinkaganiza kuti zatha. Ndiye kunatulukira adzukulu, makasu ali paphewa, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Mphwawo uja anali atawauza kuti ayambiretu kukumba, poti kumanda kwawoko kuli miyala ndipo ankafuna mwambo uchitike Lamulungu m'mawa. Mkulu wawo anayang'ana a Biziweki, anayang'ana khasu lake, n'kulankhula ngati munthu amene wawonongeredwa ntchito.

"Takondwa kuti muli moyo, bambo. Koma dzenje latseguka, lafika m'chiuno. Silikwiriridwa lopanda kanthu."

Bambo wa bawo uja anali pomwepo, ndipo ndi amene anandiloza. Anandiimika pakati pa bwalo ndi tisheti yanga yachikasu. Ndinafotokoza zonse kachiwiri, za foni, za nsapato, za ngalande. Pofika pa mbuzi anthu ena anabisa nkhope m'manja, ndipo achimwene ankayang'ana kumwamba. Koma panali ena amene sanaseke. Mayi wina kumbuyo ananena momveka kuti nyumba ndi zambiri m'mbali mwa msewu, nanga mwanayu anasankhiranji ya wodwala?

A Biziweki anali atalanda kale mpando wawo. Anatsokomola, anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayiyo.

"Ndakhala pamsana pake kuchokera ku Makwasa. Njira yonse amanjenjemera ngati mwanapiye. Uyu si mfiti ayi. Mfiti imakhala ndi nzeru. Uyu ndi chitsiru chabe, ndipo ndikufuna aliyense akanene choncho kwawo."

Chibadwire sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Mawuwo anayendadi. Lolemba lake pamsika wa pa Boma anthu ankauza mayi kuti amva zoti ali ndi mwana wopusa, uku akugula mandasi.

Chilango anagamula ndi adzukulu. Dzenje likakumbidwa mwini wake n'kukana kulowamo, mumaikidwa thunthu la nthochi. Anandipatsa chikwanje n'kundilozera nthochi ya kuseri kwa nyumba. Ndinaidula ndekha, ndinaimangirira pa kaliyala pomwe panakhala a Biziweki, n'kuikankha mpaka kumanda adzukulu akunditsata pambuyo mwaulemu wonse, wina akung'ung'udza nyimbo. Ndinaitsitsa m'dzenje ndekha. Ndinakwirira ndekha, ndi khasu limodzi, iwo atakhala pamthunzi akudya chakudya chimene amayi anali atawaphikira kale, n'kumandiuza kuti ndiponde bwino m'makona. Manja anatuluka matuza. Kunyumba mayi anapereka tambala wawo kuti apite kwa adzukulu, bambo anamanga njinga ndi loko mpaka teremu ithe, ndipo khutu langa lamanzere linatentha masiku angapo.

Mukandifunsa zimene ndinaphunzira, ndinena kuti njira za m'tiyi ndi zabwino, pitani mukapalase, malole kulibe. Kungoti kuli chete sikuti kulibe maso. Mukakumana ndi masamba tsikani ndithu, musayambe mwafunsa kuti wayala ndani.

Nthochi ndinadula ija inali ndi mkoko waukulu wokhwima, ndipo palibe amene anafuna kuukhudza, akuti ndi wa maliro. Ndinaunyamula ine. Ndinauvundikira m'thumba kuseri kwa khitchini, unapsa bwinobwino, ndipo poti m'nyumba mwathu onse ankauopa, ndinadya ndekha.